Mitengo ya a Yelesani

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi chaka chomwe ndinayamba sukulu n'kuilekeza. Pakati pa mudzi wathu, kufupi ndi Mkaika, ndi sukuluyo panali mtsinje. M'chilimwe tinkangoudumpha, koma mvula ikagwa unkalusa, madzi ofiira ngati katondo, kukokolola ndi mbuzi zomwe.

Wotiwolotsa anali a Yelesani, mkamwini wochokera ku Vubwi. Ankadula mitengo ikuluikulu, kuikoka ndi ng'ombe zawo, kuiyala pamtsinje n'kumanga ndi luzi. Madzi akaitenga, ankayalanso.

Chaka chimenecho kunabwera masankho a khansala. A Yelesani anaima, nati akapambana akapempha simenti ku boma kuti pakhale mlatho weniweni. Anaimanso a Lazalo, mwana wa mbumba yathu, wokhala ku Katete. Iwowo mtsinje sankaudziwa, koma maliro sankaphonya. Ankafika ndi nsalu yoyera yokulungira mtembo, n'kulira kuposa anamfedwa.

Tsiku lina masana azimayi ankaswa nsawa pabwalo, ine ndikuthandiza. Amayi anati mkamwini ndi mlendo, ukwati ukatha anyamula nkhwangwa yake, ukhansalawo n'kupita nawo kwawo. Amayi aang'ono anawonjeza kuti agogo anapita kumanda atavala nsalu ya a Lazalo, ndiye tingawakane ndi nkhope yanji?

Pakamwa panga panandiyabwa. Ndinati, "Nanga nsalu ya maliroyo ndiyo izitiwolotsa popita kusukulu?"

Amayi ananditsina pantchafu, kupotokola mpaka misozi.

"Iwe, unabadwa liti? Ukadzafa adzakuika ndani, mitengo?"

A Lazalo anapambana. A Yelesani sanakalipe. Anangoona kuti owakana ndi omwewo amene ana awo ankawabereka pamsana powolotsa, basi ng'ombe zawo anazilozetsa kumunda. Mvula itabwera, mitengo inapita, wina woyala panalibe. Mnzanga Esinati anatengedwa ndi madzi, anapulumuka pogwira bango. Atate anati atsikana tiyambe takhala, tidzabwerera kusukulu a Lazalo akamanga mlatho.

Ndinadikira mpaka mabere anamera, ndinadikira mpaka ndinakwatiwa. Mawu awa akundilembera ndi mdzukulu wanga, ine dzina langa ndimadinda ndi chala.

Chondipweteka n'chakuti sitinasinthe. Masankho akayandikira, pamaliro pamadzaza magalimoto, ofuna ukhansala kulimbirana kugula bokosi. Azimayi anzanga amavala zitenje za ofuna ukhansalawo n'kumati uyu ndi wathu, amatilira. Ndikafunsa za mtsinje, amati agogo mwayamba ndale. Mdzukuluyu, mvula ikakula, amavula nsapato, mabuku pamutu, n'kulowa m'madzi popita kusukulu.

Amayi sanali opusa, zimenezo ndazimvetsa. Ankaopa manyazi a pamaliro kuposa madzi, poti manyazi amaonedwa ndi mudzi wonse, pomwe mwana wolephera sukulu amangokhala phee pakhomo, kusinja. Koma khansala sitimusankhira kutiika m'manda. Timamusankhira ife amoyo, ife oyenda.

A Lazalo sanatitaye, ndisawanamizire. Amayi atamwalira, mwezi wa mvula, anabwera ndi nsalu yoyera, yatsopano. Koma manda athu ali kutsidya. Amuna ananyamula mtembo pamutu, madzi akuwafika pachifuwa, nsaluyo n'kufika kumanda ili yofiira ndi matope. A Lazalo anatsala tsidya lino, akulira.