Yesaya Wopepuka wa ku Mandimba

Yesaya anabadwa wochepa thupi, ndipo thupilo linakanitsitsa kukula. Atayamba kabaza pamsika wa ku Mandimba, munthu wonenepa akangokhala kumbuyo, tayala lakutsogolo linkanyamuka n'kuloza kumwamba, iye ali lendelende. Amayi ogulitsa nsomba zouma ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Manyazi anamuthamangitsira ku Joni, kumene anapeza ntchito yosesa m'makola a akavalo ampikisano. Tsiku lina mwini makolawo anamuyang'anitsitsa, n'kumukweza pasikelo, kenako pamsana pa kavalo. Kumeneko wokwera kavalo amafunika wopepuka, ndipo akalemera sapikisana nawo. Kavalo wa Yesaya ankaliyatsa liwiro ngati sanasenze kanthu. Makanema ake anazungulira m'mafoni mpaka ku Cuamba, anthu n'kumakuwa kuti, "Ndi wathu ameneyo! Kakabaza kathu kaja!"

Kutatsala mwezi kuti mpikisano waukulu uchitike, anabwera kudzafunsira Hélia, namwali wa ku Massangulo. Mayi a Hélia anamuphera nkhuku, iye n'kungonyema kaphiko.

"Bambo, mukudwala?" anafunsa mayiwo.

"Ayi mayi, ndi ntchito. Kavalo safuna katundu."

"Ndiye kakwatireni kavaloyo. Mwana wanga azisekedwa pachitsime kuti sadyetsa mwamuna? Idyani kaye, tikambirane."

Akavalo ankawakonda zedi Yesaya. Anayang'ana mbale, anayang'ana Hélia yemwe ankadziluma mlomo kubisa phwete, basi n'kukokera mbale ija pafupi.

Tsoka ilo, Hélia anali ndi azakhali ambirimbiri, ndipo kudya kwa mmodzi n'kukana kwa wina ndi chipongwe. Anadya mpunga ku Ngauma, nandolo wa chinangwa panjira, mbuzi ku Cuamba, mandasi m'minibasi ya chapa pobwerera. Lamba anasuntha bowo, kenako lina.

Atabwerera ku Joni, sikelo inamukana poyera. Kavalo wake anapambana mpikisano uja atakweredwa ndi munthu wina. Yesaya analira ngati mwana, ndipo sabisa mpaka lero kuti zinamuwawa.

Anabwerera kwawo, anamanga ukwati, n'kugula njinga yatsopano. Mmawa woyamba pamsika, apongozi ake aja, mayi odzaza mpando, anabwera ndi dengu lawo n'kukhala kumbuyo. Amayi ansomba anasiya malonda, pakamwa patakonzekera kale kuseka.

Yesaya anawerama ngati ali pakavalo, n'kupalasa. Tayala lakutsogolo silinachoke pansi.

"Mwaona?" anakuwa apongoziwo, akubayibitsa msika wonse. "Ndinamukonza ndine!"