Goloboyi wa Mayina Awiri

Lachiwiri masana ndinatsika kombi pa Huruyadzo n'cholinga chogula babu la kukhitchini. Kumbali kwa bala ina kunali kagulu ka anthu kakuyang'ana khoma. Kuno anthu akamayang'ana khoma, kawirikawiri pamakhala pamatidwa nkhope ya wandale kapena uthenga wa maliro. Ulendo uno panali bambo wina pa makwerero, bulashi m'manja, akulemba mayina ndi penti yofiira.

M'balamo ndi momwe amakumana ochemerera timu ya m'dera lathu lino. Sinditchula dzina lake. Amene mumakhala ku St Mary's mukuidziwa. Amene mumakhala kwina simunaimvepo, ndipo palibe chikho chimene chinakupitani, chifukwa ilibe. Imasewera m'ligi ya pansi, pabwalo la fumbi, ndipo imagonja kuposa momwe imapambanira. Koma ndi yakale kuposa nyumba zambiri za muno.

Ochemerera anagwirizana zolemba pakhomapo mayina a osewera khumi ndi mmodzi amene anayamba kuvala jezi yake, dziko lino lisanalandire ufulu. Mayina khumi anali atalembedwa kale. Pa nambala 1, malo a goloboyi, panalibe kanthu.

Ine si munthu wa mpira kwenikweni. Ndikanadutsa, koma anandiitana Mai Tino, amene amagulitsa matemba ndi tomato pamsikapo. Iwowa ndi wapampando wa ochemerera, ndipo udindowu sanautole pamsewu. Malemu bambo awo anasewera m'timu yoyambayo. Dzina lawo linali pakhomapo, pa nambala 6: Nyoni.

"Baba Chisomo, mwabwera bwino," anatero m'Chishona, monga timalankhulira tonse pamsika. "Paja inu chinenero cha kwanu chija mumachitha?"

Ndinati ndimayesa.

Nkhani yake inali iyi. Mwa osewera onse aja, wamoyo watsala mmodzi, goloboyi uja, ndipo amakhala ku Unit N. St Mary's yonse imawadziwa kuti Sekuru Gumbo. Mpaka lero, goloboyi wa timuyi akagwira penate, anthu amaimba kuti "Gumbo aramba, Gumbo aramba," kutanthauza kuti wakana, ngakhale mnyamata wagwirayo dzina lake ndi lina. Koma wolemba uja atangoviika bulashi, kunabwera mwana wawo wamkazi, Esinala, n'kumuletsa. Akuti bambo ake si Gumbo. Ndi Mbewe.

"Tikufuna timve kwa eniake," anatero Mai Tino. "Vuto n'lakuti chidwalireni sitiroko, Chishona chinawathawa. Akungolankhula cha kwanu."

Babu lija ndinagula tsiku lina.

Akuluwo tinawapeza atakhala pakhonde, bulangete lili m'miyendo ngakhale kunali dzuwa. Mbali ya kumanzere sigwira. Koma manja ndi a goloboyi ndithu, aakulu ngati mbale, chala chimodzi chopindikira kumbali. Esinala, mayi wa zaka za m'ma fifite amene amasoka mayunifolomu a sukulu, anatipatsa mipando koma iye anangoima pakhomo.

"Muli bwanji, achikulire?" ndinawalonjera.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe mwana wa yani?"

Nditatchula bambo anga, anagwedeza mutu. Ankawadziwa kutchalitchi.

Ndinafotokoza chimene tabwerera. Ndisanamalize, Esinala analowerera. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chishona, monga ana athu ambiri.

"Zita ravo ndiMbewe," anatero, kutanthauza kuti dzina lawo ndi Mbewe. Kenaka anatembenukira kwa Mai Tino. "Ine dzina limeneli ndatukwanidwa nalo kuyambira giledi wani. Mubhurandaya, mlendo wobwera, wopanda kwawo, zonsezo ndazimva. Sindinalitaye. Lero lapeza poti lilemekezedwe, ndiye mukufuna mulibise?"

"Palibe akubisa kanthu, mwana wa mayi anga," anayankha Mai Tino. "Koma ukalemba Mbewe, ndani amudziwe? Nanga nyimbo ija?"

"Muziimba kuti Mbewe aramba. Ikukwana bwinobwino."

"Ikukwana, koma pakamwa sipangalole."

Akuluwo ankangomvetsera. Kenaka anayamba kulankhula, pang'onopang'ono, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa, ine ndikumasulira.

Anabadwira pa famu ya fodya. Bambo awo anachokera ku Dedza wapansi. Iwo atakula anapeza ntchito yonyamula matumba pa fakitale ina ku Harare, n'kupeza chipinda ku St Mary's. Tsiku lomwe anapita kukayesedwa ku timu, anagwira mipira yonse. Mlembi wa timuyo anawatengera pambali n'kuwafunsa dzina. Atamva, anapukusa mutu.

"Anati, ndi dzina limenelo anthu azikugenda ndi zitsononkho ukangolowetsa chigoli chimodzi. Ndikupatsa la amalume anga." Apa anaseka ndi theka la nkhope. "Gumbo. M'Chishona ndiye kuti mwendo. Munthu wogwira ntchito ndi manja, kumupatsa dzina loti mwendo."

Mai Tino anaseka. Esinala ayi.

"Sindinali ndekha," anapitiriza. "Tinalipo anayi a kwathu, tonse osinthidwa mayina. Pa kona ndinkakuwa m'Chichewa, gwira wamtaliyo, usamusiye! Adani ankayesa ndikuitana mizimu."

Anayamba kuwerenga ndi zala za dzanja lomwe limagwira. Nambala 3, amene pakhoma paja alembedwa kuti Marufu, anali Banda wa ku Mchinji. Nambala 11 anali Myao wa ku Mangochi, ankasala kudya mwezi wathunthu n'kumathamangabe.

"Ndiye Nyoni uja, nambala 6. Ameneyo anali Aleki Phiri wa ku Ntcheu. Tinkagona chipinda chimodzi. Akamachapa jezi ankaimba nyimbo za kwawo, koma motsitsa."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, n'kutsekanso.

Sizinathandize. Mayina safuna womasulira.

"Vati chii? Akuti chiyani?" anafunsa Mai Tino, akuyang'ana ine. Ndinawauza zonse monga zinanenedwera.

Anamasula duku, n'kulimanganso momwe linalili.

"Baba ankati kwawo ndi ku Kadoma, pa mgodi," anatero.

"Pa mgodi inde," anayankha akuluwo nditawamasulira. "Ndi pomwe anafikira."

"Khirisimasi iliyonse anzathu ankapita kumudzi. Ife ankatiuza kuti kumudzi kulibe madzi." Mawu amenewa Mai Tino ankangodzilankhulira, sankauza aliyense. Ankayang'ana pansi.

Apa mundilole ndichoke kaye pakhonde paja.

Timati mpira ndi mphindi makumi asanu ndi anayi. Kwa amene amangoonera pa foni, mwina ndi choncho. Koma timu ngati iyi imakhala ndi moyo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, pamene palibe akumenya chikopa. Wochemerera akagonekedwa m'chipatala, anzake amapita atavala zofiira. Akamwalira, amakumba manda ndi iwowo, ndipo amakangana ndi akulu a mpingo kuti aimbe nyimbo imodzi yokha ya kubwalo. Ndikudziwa banja la ku Manyame Park limene limakwera makombi awiri kudzaonera timu yogonja, chifukwa agogo awo ankaima kuseri kwa golo la kummawa.

Timuyi ilibe ofesi. Ilibe kabati ya mapepala, ilibe chithunzi cha timu yoyamba. Mbiri yake yonse ili m'kamwa mwa ochemerera. Ndipo pakamwa pamasunga zokoma kuzinena. Amakumbukira penate imene Gumbo anagwira chala chitathyoka. Sakumbukira chifukwa chimene anakhalira Gumbo, popeza panalibe amene anafunsa.

Kodi ndi bodza limene akhala akuimba zaka zonsezi? Sindikuganiza choncho. Penateyo inagwidwadi. Chala ndinachiona.

Koma ganizirani za munthuyo. Lamlungu bwalo lonse linkamunyamula paphewa. Lolemba, pamzere wa basi, anthu omwewo ankaseka anthu a kwawo, mmene amatchulira mawu, mmene amavinira, iye ali pompo, akusekera nawo limodzi. Makolo athu ambiri analowa m'tauni muno kudzera pa khomo la mpira, chifukwa linali lotsegula kuposa ena onse. Ena analowa ndi mayina awo, ndipo lero mukatsegula wailesi mumamva Phiri akupatsira Banda popanda wodabwa. Ena anasiya dzina pakhomo ngati nsapato zamatope, poganiza kuti adzalitenga potuluka. Sanatulukenso.

Sindikuwaweruza. Ine ndinabadwa zitsononkho zitachepa kale.

Tibwerere ku Unit N. Amene anatibwezera pa nkhani yathu ndi Mai Tino eniake. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Afunseni zomwe tabwerera."

Ndinafunsa. "Achikulire, pakhoma paja tilembe chiyani?"

Sanachedwe kuyankha. Zinkaoneka kuti funsoli analiganizira kalekale, tisanabadwe ena a ife.

"Lembani Gumbo."

"Baba!" anatero Esinala.

"Mbewe sanagwirepo mpira, mwana wanga. Mbewe ankanyamula matumba. Ankadzuka m'mamawa, ankatukwanidwa ndi kapitawo, anakulera iweyo. Wouluka uja anali Gumbo. Anthu aja akufuna Gumbo wawo. Apatseni."

Esinala anayandikira n'kugwada pafupi ndi mpando wawo. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula Chichewa, chopunduka, chosakaniza, koma Chichewa.

"Nanga ife, ababa? Adzukulu anu akadutsa pakhoma paja aziti uyu ndani? Ife tilibe Gumbo. Tili ndi inu."

Akuluwo anayang'ana kumsewu. Dzanja lalikulu lija linafika pamutu pa mwana wawo n'kukhala pomwepo. Sanasinthe mawu awo, komanso sanawabwereze.

Tinabwerera pa kombi. Potsazikana Mai Tino anangondifunsa kuti Ntcheu ndi kutali bwanji. Ndinawauza zoona, kuti nanenso sindinafikeko.

Lachinayi madzulo, dzuwa lisanalowe, ochemerera anakumana. Anandiitana ngati mboni. Ndinkayembekezera kuti Mai Tino anena za goloboyi yekha. Ananena za onse anayi, ataimirira, mawu osanjenjemera, ndipo dzina la bambo awo analitchula pomaliza.

Phokoso linabuka. Bambo wina wa ndevu zoyera anati khoma si chitupa, iwo akulemba timu osati kalembera wa boma. Wina anati mawa kubwera mdzukulu wa Marufu kudzati mwanyoza agogo anga, ndani amuyankhe? Mayi wina wogulitsa chimanga chootcha anati iye sakuona vuto, timu inali ya anthu obwera kuyambira kale, St Mary's yonse inamangidwa ndi obwera, wosiyana ndi mtunda wokha umene munthu anayenda. Panali amene anamuwombera m'manja, panalinso amene anatuluka kukasuta.

Chimene ndinaona n'chakuti palibe ananena kuti goloboyiyo achotsedwe. Ngakhale wa ndevu uja, atatopa kukangana, anayamba kufotokoza za chala chija ngati chinathyoka dzulo.

Anagwirizana theka. Pa nambala 1 palembedwe Gumbo m'zilembo zazikulu, monga anenera eniake, ndipo pansi pake, m'zilembo zing'onozing'ono, Mbewe. Za nambala 3 ndi nambala 11, afunse kaye mabanja awo ngati angapezeke. Za nambala 6, onse anayang'ana wapampando.

"Isiyeni momwe ilili," anatero Mai Tino. "Mayi anga akadali moyo. Sindikudziwa ngati akudziwa. Ndipo ngati akudziwa, sindikudziwa chifukwa chimene akhalira chete zaka zonsezi. Simungandilembere ndi penti chinthu chimene sindinafunse kunyumba."

Esinala anabwera Lachisanu kudzaona. Anaima patali, anawerenga, n'kunena kuti zilembo za pansizo zachepa kwambiri, munthu ali mu kombi sangazione. Wolemba uja anayankha kuti ofuna kudziwa aziyandikira. Esinala sanakhutire. Komabe anatulutsa foni n'kujambula, ndipo ndinamuona akukuza chithunzicho ndi zala ziwiri.

Mai Tino ndinawapeza pa tebulo lawo dzulo, akupima matemba m'kachitini. Ndinawafunsa ngati analankhula ndi mayi awo. Anati anapita, anakhala nawo masana onse, anawaphikira tiyi, anakambirana za mvula ndi za mtengo wa mafuta ophikira. Funso lija anabwerera nalo.

"Ndipita Lamlungu," anatero. Kenaka anakumbukira kuti Lamlungu kuli masewero, ndipo ng'oma amasunga ndi iwo.

Sindinawaseke. Ambiri a ife amene tikuwerenga tsamba lino tili ndi munthu wachikulire m'nyumba, amene tsiku lililonse timamufunsa ngati wamwa mankhwala. Ndi angati tinamufunsapo kuti asanafike muno ankatchedwa ndani?