A Sitachi ndi Kabotolo ka Lachitatu

Kumalo ochapira zovala kumene agwirako ntchito zaka makumi atatu, onse amawatcha a Sitachi, dzina la mankhwala olimbitsa zovala posita, poti kolala ya malaya awo siinagonepo. Ndi munthu wodana ndi litsiro. Akaona dontho la inki pathumba la shati ya mwini, amalitikita mpaka lipepese.

Akazi awo anali telala. Matenda anayambira pa singano: diso likuona bowo, ulusi n'kupita kwina. Kenako mwendo wamanja unayamba kuiwala kupalasa makina. Lero bwino, mawa dzanzi, mkuja bwinonso. Atazungulira zipatala zaka zinayi, adokotala a mitsempha anati chitetezo cha m'thupi mwawo momwemo ndicho chikukukuta chikuto cha mitsempha ya mu ubongo, monga khoswe achitira ndi waya wa magetsi. Mankhwala ochiza panalibe, ochedwetsa okha.

Kuti uonane ndi adokotalawo unkadikira chaka. Koma olowa nawo kafukufuku wa pachipatalapo ankaonedwa mwezi ndi mwezi, ndipo mayiwo anachita mwayi n'kulembedwa. Ankafufuza ngati tizilombo tokhala m'matumbo tili ndi mbali pa zochitika mu ubongo. Chimene ankafuna n'kabotolo ka chimbudzi, Lachitatu loyamba la mwezi. A Sitachi ankakanyamula m'thumba la jekete, atakakulunga m'mapepala atatu, dzanja lina litagwira mkono wa akazi awo.

"Zaka zonsezi, bambo, simunandinyamulirepo ndi chikwama chomwe," ankatero mayiwo pokwera basi. "Lero mwasankha katundu ameneyu?"

Mwezi wachisanu mwendo unafookeratu. A Sitachi, atatopa n'kudikira, anaganiza monga wochapa: ngati vuto lili m'mimba, m'mimbamo muchapidwe. Anakagula makapisozi opha tizilombo, nawamwetsa akazi awo masiku asanu, akuti ndi mavitamini. Mwendo sunasinthe. Chimene chinasintha n'chakuti mayiwo anatsegula m'mimba, a Sitachi n'kuchapa nsalu zogonera masiku anayi otsatizana, msana uli phwephwete, asanapite kukachapa za eni.

Lachitatu litafika, anesi a kafukufuku analandira kabotolo, nafunsa za nthawi zonse. "Amayi, mwamwako mankhwala ena mwezi uno?"

"Mavitamini okha."

"Bola amenewo. Makapisozi opha tizilombo aja amasesa zonse, zoipa ndi zabwino zomwe. Womwa amenewo timayamba tamuimitsa, chifukwa botolo lake limanama."

A Sitachi anayang'ana kalendala ya pakhoma. Akanakhala chete, malo a akazi awo akanakhalapo. Anesi anali atayamba kale kulemba pa kabotoloko.

"Musalembe, mayi," anatero a Sitachi. Anapisa m'thumba natulutsa kapepala kopanda kanthu komwe munali makapisoziwo. "Mavitamini ake ndi awa. Ndine ndinagula. Eni akewa sakudziwa."

Anesi anakawerenga, napumira m'mwamba. "Abambo inu! Si zonse za m'mimba zili litsiro. Zina ndi eni nyumba." Anatuluka kukafunsa adokotala, nabwera ndi yankho: miyezi itatu kunyumba, tizilomboto tibwerere tokha. Malo awasungira, koma kamodzi kokhaka.

Anatsika masitepe a chipatala imodziimodzi, mwendo wabwino patsogolo. Pa benchi ya pansi mayiwo anakhala kuti apume.

"Ndiye munandiika m'gulu la makatani a eni?"

"Ndimati ndithandize."

"Mukanandisitanso, ntchito ithe."

A Sitachi sanaseke. Miyezi itatu opanda adokotala, mwendo uli choncho. Anakhala pambali pawo, chipewa pabondo, kabotolo katsopano kopanda kanthu kali m'thumba. Thukuta linali litagonetsa kolala mbali imodzi. Mayiwo anatambasula dzanja kuti aidzutse, koma zala zadzanzi zija zinkangoiphonya. Anayesa kawiri, kenako anaisiya.

"Tiyeni," anatero. "Muzikandiphikira nyemba ndi masamba, eni nyumba munathamangitsawo abwerere."