Mpando Umene Tinawapatsa a Arlis

Achimwene anga a Arlis Hambrick sanakhalepo m'busa kapena dikoni. Ankagwira ntchito pa makina ochekera matabwa kuno kumapiri a Alabama, ndipo makinawo ndi amene anawadya makutu pang'onopang'ono. Koma funsani aliyense wa imvi m'dera lino kuti anamuphunzitsa kuyimba ndani, akutchulirani iwowo. Ntchito ya kumunda ikachepa ankazungulira matchalitchi, choko chili m'thumba, n'kumajambula manotsi a nyimbo pa bolodi: ya makona atatu ndi fa, yobulungira ndi so, ya makona anayi ndi la. Ine mlongo wawo Verlie anandiphunzitsira m'khitchini, uku akundikalipira.

Ife sitiyimba ndi limba. Timakhala pa mabenchi mbali zinayi moyang'anizana, pakati n'kusiya bwalo. Wotsogolera nyimbo amaima pabwalopo atakweza dzanja. Mmodzi wa pa benchi yakutsogolo ya matena amapereka liwu loyambira kuchokera m'mutu mwake, ndipo dzanja lija likatsika tonse timagwera m'nyimbo. Chiyambire ndili mtsikana, wopereka liwuyo anali a Arlis.

Makutu atayamba kufa, liwu lawo linayamba kukwera. Amayi oyimba mawu apamwamba ankatuluka m'tchalitchi atasasa mawu, akutsokomola ngati achoka m'nyumba ya utsi. Nanga ndani akanawauza? Aliyense anali wophunzira wawo. Ine ndinayesapo tsiku lina pakhonde.

"Achimwene, masiku ano mukukweza."

"Ati chiyani?"

"Mukukweza liwu!"

"Aa, ndinuyo mwakalamba, makosi auma. Uzimwa uchi."

Ndinangozisiya.

Ndiye a komiti, ndi nzeru zawozo, anapeza njira: kuwalemekeza. Anati pa mayimbidwe aakulu a pachaka tidzawathokoze, tiwapatse mpando wogwedera kuti azipumirapo chakukhoma. Pamalo pawo pakhale Dewey Scoggins, wophunzira wawo amene nayenso ali ndi zidzukulu. Ndinawauza pamaso kuti uku ndi kuthamangitsa munthu uku mukumuombera m'manja. Anandifunsa ngati ndili ndi njira ina. Ndinalibe.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, ena n'kumasuzumira pa mawindo. Mkulu wa komiti analankhula mpaka thovu kukamwa, kutchula matchalitchi onse amene akanakhala chete lero pakadapanda a Arlis. Eni akewo sanamve kanthu. Ankangomwetulira, akusisita mpando uja. Kenako anawakodola kuti atsogolere nyimbo. Atangoimirira, Dewey anasendera pamalo pawo. Achimwene anaona. Anatchula nyimbo yawo, maso n'kuponya m'buku, dzanja m'mwamba.

Dewey anapereka liwu. Labwinobwino, losakwera. Tonse tinalilandira, aliyense mbali yake, n'kudikira dzanja.

Dzanja silinatsike. A Arlis ankadikira liwu limene linali litaperekedwa kale.

Mayo ine! Ife a aluto timakhala kumbuyo kwa wotsogolera. Ndinkangoona msana wawo, malamba a buluku lawo, ndi dzanja lija lili m'mwamba. Kuwakodola sindikanatha. Kudzuka kukawagwira phewa kukanakhala kuwavula pagulu. Ndinangokhala, mtima ukuwawa, buku nditalifinya pachifuwa.

Dewey anaperekanso, mokuwa, mitsempha ya m'khosi itatuluka. Atangotseka pakamwa m'pamene achimwene anadzutsa mutu.

"Iwe Dewey, tapereka liwu, anthu akudikira. Usachite manyazi, ndinakuphunzitsa ndine."

"Inde, aphunzitsi," anatero Dewey, misozi ili lengelenge.

Wina wa kumabesi analephera kupirira, anangoyamba. Nyumba yonse inagwera m'nyimbo, mapazi akugunda pansi monga timachitira nthawi zonse, mpaka matabwa oyalidwa pansi m'tchalitchimo kunjenjemera. Ndinaona achimwene akuyang'ana mapazi awo, kenako milomo ya anthu. Dzanja linatsika mochedwa, likutsatira m'mbuyo anthu amene moyo wawo wonse ankaliyembekezera. Nyimboyo anaimaliza, sanathawe pabwalo. Ine sindinayimbe ngakhale fa mmodzi.

Nthawi ya chakudya anandipeza panja pa matebulo, pakati pa nkhuku yokazinga ndi buledi wa chimanga, ndikudula keke ya mbatata imene timati payi.

"Verlie, Dewey anapereka?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Anapereka bwino?"

Ndinavomeranso. Ndinkafuna kunama, koma achimwene sungawanamize.

Iwo anati, "Chabwino. Uwauze auike chakukhoma mpandowo. Koma kachiguduli kamene ayala pansi pakepo akachotse, pakhale matabwa okhaokha."

Masana onse anakhala pamenepo, osaugwedeza mpandowo, nsapato atavula, mapazi ali pa matabwa onjenjemera ndi nyimbo.