Masamba Khumi ndi Awiri a Adada

Adada anasiya kuona m'zaka zoyamba za matipate, ng'ala itaphimba maso onse awiri. Ine ndinali nditabwerera kwathu ku Hewe ukwati utatha, choncho ntchito yowasamalira inagwera ine. Anali mphunzitsi wopuma wa sukulu ya mishoni komanso mkulu wa mpingo, munthu amene ankakuta buku lililonse ndi pepala la khaki lisanagone m'nyumba mwake. La nyimbo, la masamu, la katekisimu, onse ankaoneka chimodzimodzi.

Tsiku lina anandituma kukatenga buku la nyimbo m'bokosi lawo lachitsulo. Pansi pa jekete lawo lakuda ndinapeza timabuku tina, tokutidwa ndi khaki yemweyo, tonunkha mankhwala a njenjete. Nditatsegula kamodzi ndinaona chithunzi cha dzanja litagwira mpeni kuseri kwa chitseko. Tonse tinali ta Chingerezi, nkhani za zigawenga ndi za nyumba za mizukwa, mapepala atachita chikasu, olemba ake anthu amene palibe akuwakumbukira lero.

"Adada, izi n'chiyani?"

Anaseka. Anati anawatola kalekale pamene laibulale ya mishoni inkataya mabuku okalamba, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene buku linkatha kumangitsa munthu, khaki uja anawabisa bwino.

"Muli limodzi lili ndi nthenga ya nkhanga mkati," anatero. "Pamenepo mpamene maso anandithawira. Kwatsala masamba khumi ndi awiri okha, mama. Tandiwerengera, ndidziwe amene ankaliza belu lija."

Masiku amenewo ndinali nditayamba kupita ku mapemphero a amayi a Lachitatu masana, kumene tinkamvetsera makaseti a alaliki ndi kutentha zithumwa. Ndinawauza adada kuti mkulu wa mpingo, wotsala pang'ono kukaonekera pamaso pa Mbuye wake, sayenera kudzaza makutu ndi ntchito za mdima. M'malo mwake ndinawawerengera salimo. Anamvetsera mpaka kumapeto, nathokoza m'chinenero chakwathu kuti, "Yewo chomene."

Koma buku la nthenga lija sindinalibwezere m'bokosi. Ndinadziuza kuti ndikufuna kumudziwa mdani kuti ndilimbane naye bwino m'pemphero. Ndinakalibisa m'chigafa, pakati pa fodya wopachikidwa, ngati munthu uja wa m'Malemba amene anakumba pansi pa hema wake n'kukwirira zoletsedwa. Adada akagona masana, ine ulendo wa kuchigafa.

Inali nkhani ya nyumba yaikulu yokhala payokha, mmene belu loitanira antchito linkalira popanda woligwira, ndipo likalira, wina wa m'banjamo ankapezeka atafa. Tsitsi linkandiyimirira dzuwa likuswa mtengo. Nyemba zinapserera kawiri sabata imeneyo. Nditafika pa nthenga ya nkhanga sindinaime n'komwe. Woliza belu anali dokotala wa banjalo, amene aliyense ankamukhulupirira, ndipo ankakoka chingwe chodutsa kudenga.

Tsiku lomwelo ndikuwasambitsa m'manja kuti adye, adada anagwira dzanja langa n'kulinunkhiza.

"Fodya ndi mankhwala a njenjete," anatero, akumwetulira. "Woliza belu ndi wophika wa m'nyumbamo uja, eti? Zaka zinayi ndakhala ndikumukayikira."

"Sindikudziwa zimene mukunena, adada."

"Ungonditchulira munthu wake basi. Azimayi ako a Lachitatu sindikawauza, ndikawapeza bwanji ine wakhungu?"

"Sindinawerenge."

"Mama."

"Ndati sindinawerenge."

Panalibe tambala amene analira, koma ine ndinamumva. Anasiya dzanja langa pang'onopang'ono n'kuyamba kudya.

Chimene ankapempha chinali mawu amodzi. Kuwapatsa mawu amenewo kukanatanthauza kuvomera kuti mlaliki wawo wa masalimo anathera masiku atatu m'chigafa akunjenjemera ndi chimwemwe. Ndinasankha kukhalabe woyera m'maso mwa munthu wosaona. Lachitatu lotsatira ndinanyamula timabuku tonse m'chitenje kupita nato ku mapemphero. Ndinachitira umboni kuti Ambuye andionetsa zonyansa zobisika m'nyumba ya bambo anga. Amayi anaimba, ena analira, wina anandikumbatira. Tinaponya timabukuto pamoto. Khaki amayaka msanga. Nthenga yokha ndinali nditaichotsa, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake.

Nditabwerera, adada anamva fungo la utsi pa zovala zanga. Anangofunsa kuti, "Onse?" Ndinati inde. Sanafunsenso za belu, ndipo masalimo anapitiriza kuwalandira ndi "yewo chomene" yemwe uja.

Anadwala mvula itayamba. Tsiku lachitatu anasiya kulankhula, maso otsegula koma osatizindikira mawu. Anthu atatuluka panja, ndinagwada pamphasa n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu lawo.

"Sanali wophika, adada. Anali dokotala. Ankakoka chingwe kudenga. Ndinawerenga lonse, ndinakunamizani."

Ndinabwereza kawiri. Ndinayang'anitsitsa milomo yawo ndi zala zawo, koma palibe chimene chinagwedezeka. Anamwalira mawa lake.

Ndikudziwa kuti Ambuye amakhululuka, ndipo ndawapempha kangapo konse. Nthenga ija ili m'buku langa la nyimbo. Mpingo ukaimirira kuimba, ine ndimayamba ndaisuntha kuti ndione mawu.