Chilimwe Chimene Agogo Anadula Pikapu

Ndikamva fungo la chitsulo chopsa, ndimaona agogo anga aamuna, a Matewusi, atagona chagada pa chiguduli kunsi kwa pikapu yawo kuseri kwa nyumba ku Majaua, dzimbiri likuwagwera m'ndevu, sowo ikulira pang'onopang'ono kuyambira nthawi yotsegulira nkhuku mpaka dzuwa litafika paliwombo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinkakhala ndi agogo chifukwa amayi ankagulitsa nyemba kumalire ndipo ankabwera mwa apo ndi apo.

Pikapuyo, imene anthu ankangoti karinya ya a Matewusi, inali yakale, yabuluu wofwifwa, yaitali kumbuyo. Agogo anaipeza atabwerako ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene anaphunzirira kukonza magalimoto. Inanyamula chimanga, malata, akwati ndi maliro pa msewu wa ku Milange, mpaka tsiku lina chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zimene zimasenza galimoto yonse, chinang'aluka pakati pa kabini ndi matayala akumbuyo. Inakhala pa miyala zaka ziwiri, nkhuku zikuikiramo mazira.

Kenako agogo aakazi, aNambewe, anayamba kutupa miyendo ndi kubanika. Kuchipatala cha m'tauni anawauza kuti azionekera mwezi uliwonse. Pa njinga sakanatha. Minibasi anaikwera kamodzi, atapanikizidwa pakati pa matumba a chinangwa, ndipo anafika atatsala pang'ono kukomoka. Anakana kukweranso.

Amalume a Domingo atapeza agogo aamuna akumasula bodi yakumbuyo, anapukusa mutu.

"Papa, chigulitseni kwa ogula zitsulo ichi. Chinafa kale."

"Chawola pakati pokha. Ndichotsapo powolapo, ndilumikize."

"Nanga m'kabokosi kotsalako mudzalowa matumba angati?"

"Za matumba ndinazisiya," anatero agogo, maso ali pa sipanala.

Masana omwewo analowa m'nyumba ndi chingwe cha khonje, nagwada pafupi ndi mphasa ya agogo aakazi, n'kuyamba kuwayeza kuchokera kumutu mpaka kuchidendene.

"Abambo ake Domingo, mukundiyezera bokosi ndikadali moyo?"

"Tambasulani miyendo, mayi. Ndikufuna muzikagona bwino paulendo."

Anawonjezera chikhatho chimodzi n'kumanga mfundo. Utali wa bodi yatsopano unali umenewo.

Koma atadula chasisi pamene analemba ndi khala, anapeza kuti dzimbiri linalowa kutali kuposa mmene linkaonekera kunja. Chitsulo chinkafumbutuka ngati chikuni chofukwa. Anadulanso, n'kudulanso kachitatu, kufunafuna polimba. Atapapeza, anayala chingwe chija ndipo mfundo inalendewera kunja. Ndinawapeza atakhala pa tayala, chingwe chili pamwendo, phala limene ndinawabweretsera m'mawa litaundana m'mbale.

"Rozita, usawauze agogo ako," anandiuza. "Tidzaona pokafika."

Ntchito inatenga chilimwe chonse, miyezi itatu yathunthu. Bodi anaidula ndi sowo yomweyo, mano ake akutha, iwo akupumira m'mwamba. Shafiti yozungulitsa matayala akumbuyo anaimangirira pa njinga n'kuikankha mpaka ku Milange kuti akaifupikitse, ndipo anapitanso kachiwiri chifukwa poyamba inabwera yokhota. Mapaipi a mabuleki anawapinda ndi manja. Atabwereka jenereta ndi makina owotcherera, sanalole munthu wina kugwira chasisicho. Anawotcherera okha masiku atatu, akuyang'anira pa kagalasi kakuda kosweka, ndipo pomaliza maso anatupa, misozi ikungotsika yokha. Ndimakumbukira awiriwo atakhala pakhonde, agogo aakazi akupuma movutikira, akuviika kansalu m'madzi n'kuwaika amuna awo m'maso.

"Mukamadzamaliza ndidzakhala nditachira ndekha," anatero agogo aakazi.

Agogo aamuna anangoti, "Mawa tiyesa injini." Mawa limenelo linafika patatha milungu iwiri.

Tinanyamuka m'mawa wina wotentha, mvula isanayambe. Pikapu inaoneka yachilendo, ngati galu wodulidwa mchira, ndipo ana a pamudzi anaiseka. Tinayala matiresi kumbuyo. Agogo aakazi atagona, mapazi anatulukira kunja, moti chitseko chakumbuyo tinachisiya chotsegula, titachimanga ndi mawaya kuti chiwachirikize. Anayang'ana mapazi awo, n'kuyang'ana amuna awo.

"Ndatalika liti ine?"

 Agogo aamuna anawafunditsa mapaziwo ndi chitenje n'kukalowa m'kabini.

Ine ndinakhala kumbuyo, mutu wa agogo uli pamiyendo panga, ndikuwatchinga dzuwa ndi ambulera. Galimoto inkakokera kumanzere ndipo inkanjenjemera ikangowonjezera liwiro, choncho tinkayenda pang'onopang'ono, anthu a pa njinga akutipitirira potsetsereka. Pa dzenje lililonse agogo aamuna ankaima, n'kutsika kukasuzumira pamene anawotcherera. Pofika m'tauni miyendo yanga inali itachita dzanzi.

Namwino atawapima agogo aakazi, anatembenuza khadi lawo n'kufunsa agogo aamuna mofatsa, "Bambo, munali kuti miyezi yonseyi?"

Agogo anavula chipewa. Anayang'ana manja awo odzaza zipsera.

Tinayenda ulendo umenewo kanayi. Agogo aakazi anamwalira kunyumba mvula ili pakati. Maliro atatha, agogo anatenga makiyi n'kuwapatsa amalume.

"Tenga, uzinyamulira makala. Ine ndatopa."

Sanaiyendetsenso, ndipo maso awo sanabwerere mwakale. Zaka zawo zomaliza ankangokhala pakhonde, akuzindikira anthu ndi mawu.

Mpaka lero sindidziwa ngati miyezi itatu ija ikanasintha kanthu agogo aakazi akanapirira minibasi. Ndinkafuna kuwafunsa agogo aamuna, koma ndikawaona mmene ankadzukira pa mpando, funsolo ndinkangolisiya.

Panopa ndine namwino pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi. Pafupifupi mlungu uliwonse amafika munthu atachedwa, atakoka mkazi wake kapena mayi ake pa ngolo kapena atawamangirira pa njinga yamoto, fumbi lili mpaka m'zikope. Ndikatsegula khadi ndimaona miyezi imene yadumphidwa. Ndimamugoneka wodwalayo pa bedi, kenako ndimakokera mpando woperekezayo n'kumuuza kuti ayambe wakhala pansi.