Choki cha Mkamwini

Lemuel Yelder anagwira ntchito pamakina ochekera matabwa mpaka khutu lakumanzere linagontha, ndipo tsiku lopuma pantchito anampatsa wotchi ndi keke. Wotchiyo inafa chaka chisanathe. Sanadandaule, chifukwa nthawi imene ankaisamala inali imodzi yokha: masabata a Malichi ndi Epulo, pamene ku Alabama amaloleza kusaka nkhukundembo zakutchire. Miyezi ina yonse ankangoipirira, kutchetcha kapinga wa kutchalitchi ndi kukangana ndi wailesi. Malemu mkazi wake Ozella ankati anakwatiwa mitala ndi mbalame, ndipo sankanama.

Kasakidwe kake kanali ka bambo ake. Ankalowa m'nkhalango m'bandakucha, kutsamira mtengo wa thundu, n'kuyamba kulira ngati thadzi la nkhukundembo poyamwa mpweya m'kafupa ka phiko. Tambala akamva, amabwera akudzitukumula. Lamulo la Lemuel linali limodzi: usawombere usanaone chikope chake chikuphethira. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha ndi chuma chokhacho chimene munthuyu anali nacho chambiri. Mfuti yake yachifefe inali ndi choki chapakatikati, kachitsulo kolowetsa kukamwa kwa mfuti kamene kamaweruza kuti njere zimwazike motani. Chigulireni mfutiyo sanakachotsepo. Zipolopolo ankagula za njere zamtovu, nambala sikisi, ndipo pafupi pamene iye ankawombera zinkamwazika bwino ngati mpunga wa paukwati.

Nkhalangoyo sinali yake. Inali ya banja la Ainsworth, ndipo mwini wake wakale anamuloleza kusakamo pongogwirana chanza. Koma chanza sichilembedwa. Mkuluyo atafa, ana ake a ku Atlanta, amene sangasiyanitse thundu ndi mtengo wamagetsi, anagulitsa mitengo yonse kwa kampani ya matabwa. Chaka chimenecho Lemuel anapeza mitengo yapakidwa utoto wofiira, ngakhale uja ankautsamira. Kusaka kukangotsekedwa, makina alowa. Zinamuwawa kwambiri, koma analibe woti am'dandaulire.

M'nkhalangomo munali tambala wokalamba amene Lemuel anamutcha Dikoni, chifukwa ankalankhula kwambiri, kuyenda mwamatama, koma osafika pamene wamuitanira. Zaka zingapo zinali zomwezo: Dikoni ayankha, abwera, kenaka aima patali pamene njere zamtovu sizingam'pweteke, atambasula chipsepse n'kumadikira kuti thadziyo ndiye apite kwa iye. Lemuel ankamufuna ameneyo mitengo isanagwe. Sankafunanso china.

Mkamwini wake Dwight, mwamuna wa mwana wake Charlene, ankagulitsa mathirakitala ku Demopolis. Sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chinkanyansa kwambiri. Ankabwera Loweruka lililonse ndi khofi ndi mabisiketi a soseji, ndiponso ndi nzeru.

"Bambo Lem, mbalame ija ikukudziwani," anatero tsiku lina ali pakhonde. "Imadziwa pothera mfuti yanu kuposa inuyo. Taonani kachoki aka, n'kothina zedi. Mukaphatikiza ndi zipolopolo izi za njere zolemera kuposa mtovu, Dikoni wanuyo mum'peza pomwe amaimapo."

"Kumeneko n'kusaka kapena kutumiza kalata?"

"N'kudya nkhukundembo, bambo. Zanuzi n'zoimbira mbalame nyimbo."

"Mwanawe, ine ndinayamba kupha atambala iwe ukunyowetsa matewera. Chotsa tizitsulo takoto, ukuthimbiriritsa tebulo."

Lemuel anakana mwezi wonse. Ndipo mwezi wonsewo Dikoni ankaima pamalo ake omwe aja, kuseri kwa chitsa, n'kumavina. Masiku ankatha. Usiku Lemuel ankaona chitsacho m'maso. Litatsala tsiku limodzi kuti kusaka kutsekedwe, anapita yekha kwa Dwight, mfuti ili m'manja, nkhope ili gwa ngati wopita kokachotsa dzino.

"Ika," anangotero.

Dwight sanaseke, tim'patse ulemu pamenepo. Anatenga kasipanala, n'kumasula choki chakale chimene chinatuluka chikulira dzimbiri, n'kumanga chatsopano. Anauza Lemuel kuti apite kuseri kwa nyumba akayese papepala, aone mmene njere zikugwera.

"Ine ndiwombere pepala? Linandilakwira chiyani?"

Dwight anaonjeza mawu ena akutseka bokosi la zipangizo, koma anaima kumanzere kwa mkuluyo. Lemuel anamva "patali", anamvanso "chibakera", zinazo zinapita ndi mphepo. Moyo wake wonse sanauzepo munthu kuti abwereze, ndiye akanayambira pa mkamwini? Anagwedeza mutu n'kuponya choki chakale m'thumba la jekete. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.

M'mawa mwake analowa m'nkhalango onse awiri, aliyense ndi mfuti yake. Dwight anakakhala kutali, m'mphepete mwa busa la ng'ombe, kuti asasokoneze. Lemuel anatsamira thundu lake la utoto wofiira. Kutayamba kuyera anaitana pang'ono, monyengerera, ndipo Dikoni anayankha mpaka nkhalango inanjenjemera.

Kumapeto kwa Epulo mathadzi onse amakhala ali pamazira, ndipo tambala amatsala yekha ngati wamasiye. Dikoni anafika pachitsa chija n'kuima. Apa ndiye panali pake pa choki cha Dwight. Mfuti inali kale paphewa. Koma mbalameyo inaponda phazi lina, n'kupondanso lina, kudutsa chitsa chimene sinachidutsepo n'kale lonse. Mtima wa Lemuel unadumpha. Wabwera! Zaka zonsezi, lero wabwera yekha, osati chifukwa cha chitsulo cha munthu, koma chifukwa cha kafupa ka bambo ake. Za choki anaiwaliratu. Anadikira monga ankadikirira masiku onse. Anamva mapiko akukhwekhwereza pansi, anaona ndevu zapachifuwa zikugunda udzu, mutu ukusintha kufiira n'kuyera. Dikoni anafika poti ungamuponyere chipewa. Chikope chinaphethira.

Phuu!

Kamtengo kamene kanali pambali pa mutu wa Dikoni kanaduka pakati ngati akatema ndi nkhwangwa. Njere zonse zinadutsa pamodzi, mulu wake ngati chibakera, osakhudza ngakhale nthenga. Choki chothina chimafuna mtunda kuti njere zimasuke, ndipo n'zimene Dwight ankauza khutu lakufa lija. Chikanakhala choki chakale, chimene chinali m'thumba chikumugunda m'chiuno, Dikoni akanagwa pomwepo.

Mbalameyo inathamanga, n'kuuluka motsika kulowera kubusa. Lemuel anatsala kukamwa yasa. Sipanapite nthawi, anamva kulira kwa mfuti ina, kamodzi kokha.

Dwight anatulukira atanyamula Dikoni paphewa, mutu ukulendewera, magazi akudontha pansapato. Ankayesetsa kubisa chimwemwe koma mano ankamuwulula.

"Bambo Lem, anatera kutsidya kwa busa, kutali koopsa! Ndinati ndingoyesa. Mwaona zipolopolo zimenezi?" Ataona kamtengo koduka kaja anatsitsa mawu. "Anafika pafupi chonchi? Ndinakuuzanitu dzulo, bambo."

"Unandiuza."

Mkamwini anagwada, anatulutsa mpeni n'kudula ndevu za tambalayo, zazitali ngati mchira wa bulu. Anazipereka ndi manja awiri.

"Izi n'zanu. Mwamuitana ndinu, ine ndangomaliza."

Lemuel sanatambasule dzanja. Ndevu za mbalame imene wapha wina sazipachika pakhoma, ndipo Dwight akanayenera kudziwa zimenezo. Chifundo chakecho chinamuwawa kuposa kuphonya. Anayang'ana Dikoni ali chigonere pamasamba, wochepa kuposa mmene ankaonekera akuvina, n'kumva chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo. Mbalame imene anaiphunzira zaka zonsezi inafa ndi munthu amene sanaone n'komwe maso ake.

Anayesa kumasula choki chija ndi zala. Chinakana. Anayesa ndi kiyi wa galimoto, chinakanabe. Anayenera kupempha.

"Bwereke kasipanala kako. Ndikubwezere chitsulo chako."

"Ayi bambo, sungani. Mukangochizolowera n'chabwino. Mudzachifuna chaka chamawa."

Lemuel anayang'ana thundu lake, anayang'ana mitengo ina yonse ya utoto wofiira mpaka kumtsinje.

"Chaka chamawa kuti?"